Ananditcha Chidakwa Chifukwa cha Maso Ofiira

1

Tsiku limene anandilanda mwana sindinagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo kuli anthu amene mpaka lero amandikumbukira ndi zimenezo. Nkhaniyi yayenda pakamwa pambiri kupatula panga. Lero ndiye mundimve ineyo.

Ndimagwira ntchito yolandira alendo ndi kuyankha mafoni pakampani yogulitsa matailosi ndi mipope. Khasu langa ndi pakamwa. Choncho m'kamwa mutayamba kuuma ndinangoti ndi kulongolola, ndikagula botolo la madzi. Posakhalitsa botolo limodzi linaleka kukwana. Lilime linkamata, mawu n'kumatuluka olemera ngati a munthu wongodzuka kumene. Buledi sankatsika kukhosi popanda madzi. Ndinayamba kuyamwa maswiti kuti malovu abwere, mano nawonso n'kuyamba kubooka.

Kenako anabwera maso. Ankanyerenyesa ngati wina wathiramo mchenga, ndipo pofika masana amakhala ali psuu. Masaya anatupa cha m'munsi mwa makutu. Kutopa ndiye musanene, ndinkatha kuwodzera foni ili kukhutu.

Tsiku lina bwana anaima pa desiki yanga n'kutsitsa mawu.

"Mayi, kasitomala uja wandifunsa ngati muli bwinobwino."

"Ndi maso chabe, bwana."

"Chabwino. Kungoti anthu amalankhula."

Kunyumba tinali atatu. Ine, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi amene timamutcha Kabatani chifukwa cha kamphuno kake, ndi bambo ake. Bambo a Kabatani ankayendetsa basi ya sukulu yomwe mwanayo amaphunzira. Anali munthu wofatsa, wa malaya osita, amene ngakhale pa ukwati ankapempha madzi anzake akutsegula mabotolo. Makolo a ana ankawakhulupirira ngati m'busa.

Ndiye panali alamu anga, achemwali awo aakulu a bambo a Kabatani, amene anawalera makolo awo atamwalira. Kumbali tinkawatcha a Inspekita. Akalowa m'nyumba mwako amayamba ndi kupititsa chala pamwamba pa firiji, moni amabwera pambuyo.

2

Loweruka lina a Inspekita anatulukira osaitanidwa, monga mwa chizolowezi chawo. Anandipeza nditagona pa sofa, kansalu konyowa kali m'maso. Bambo a Kabatani anali atapita kokatsukitsa basi.

"Dzuwa lafika pamutu inu mukadali chigonere, alamu?"

"Ndi mutu, alamu. Ndi maso angawa."

Anandiyang'ana kuyambira kumasaya mpaka kumapazi, n'kulowa kuchimbudzi.

Sabata imeneyo chogwirira cha thanki ya chimbudzi chinali chitayamba kuvuta. Munthu wina akanangotunga madzi m'ndowa n'kuthira. Koma a Inspekita ndi a Inspekita, anachotsa chivundikiro kuti aone chavuta n'chiyani. Ndili pa sofa pomwepo ndinamva galasi likugundana ndi galasi linzake, mtima wanga n'kuti myuu.

Anakhalamo nthawi yaitali. Potuluka anali atafumbata timabotolo ta mowa waukali, tikudontha madzi, tina topanda kanthu, tina tosatsegula n'komwe. Anatindandalika patebulo kamodzikamodzi.

"Ndiye mutu wake ndi umenewu."

Ndinafuna kuyankha koma lilime linamata. Ndinatambasula dzanja, kutenga botolo langa la madzi n'kumwa. Palibe chinthu chopusa chimene ndikanachita kuposa chimenecho.

"Imwani," anatero. "Ludzu la matsire lilibe manyazi."

3

Mawa lake masana pabalaza pathu panadzaza. Anabwera amalume awo a bambo a Kabatani, a Inspekita, ndi mng'ono wanga amene ndinamuitana kuti ndisakhale ndekha. Timabotolo tija tinali pakati patebulo.

A Inspekita anaimirira ngati ali m'khoti.

"Amalume, ine sindinena zongomva. Yang'anani maso awo. Yang'anani masayawo. Mverani mmene akulankhulira. Maswiti sachoka m'kamwa, obisira fungo. Madzi ngati ng'ombe. Masana tulo. Kodi munthu afunanso umboni wanji?"

Chilichonse chimene ananena chinali choona, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri. Sindikanatsutsa maso anga omwe.

Amalume anandifunsa mwaulemu.

"Mayi a Kabatani, mabotolo awa ndi anu?"

"Si anga."

"M'nyumba muno akuluakulu mulimo awiri. Ngati si anu, ndi a ndani?"

Ndinatembenukira kwa mwamuna wanga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo.

"Mphwanga, ukutipo chiyani?"

"Ine ndilibe mawu, amalume."

Basi. Zaka zonse zija za banja, munthu n'kukhala wopanda mawu.

Mng'ono wanga anakalipa, anati mkulu wake sanalawepo mowa chibadwire, koma anamuuza kuti za m'nyumba ya eni sangazidziwe. Chigamulo chinali chakuti Kabatani akakhale kwa azakhali ake mpaka ine nditasintha. Ndizikamuona Lamlungu lokha, azakhaliwo ali pomwepo.

Mwanayo anatuluka kuchipinda atabereka kachikwama kake ka sukulu. Anandigwira siketi.

"Amayi, nanga inu simubwera?"

Ndinagwada, kumukumbatira. Chifuwa chinkang'ambika, mapewa akunjenjemera. Ndinkalira ndi thupi lonse, koma m'maso munali gwaa, mouma ngati pepala.

"Mwaona?" anatero a Inspekita chapansipansi. "Ngakhale msozi. Mayi wanji ameneyu?"

Sabata yomweyo ndinalongedza zovala n'kupita kwa mng'ono wanga. Sindikanatha kugona bedi limodzi ndi munthu wopanda mawu.

4

Ndinayamba kuzungulira zipatala ngati wamisala. Anandiyeza shuga, mulibe. Anandipatsa madontho a m'maso, anatha, maso ali chifiirire. Wina anandiuza kuti ndichepetse maganizo. Ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti maganizo amachepetsedwa ndi sizasi yanji.

Amene anandionetsa njira anali dokotala wa mano. Ndinapita ndi dzino, iye n'kukhala akusuzumira m'kamwa mwanga nthawi yaitali.

"Mayi, kagalasi kanga kakumata kutsaya lanu. M'kamwa muno mulibe malovu, n'chifukwa chake mano akutha chonchi. Maso nawonso amauma?"

Ananditumiza kuchipatala chachikulu, kwa dokotala woona matenda amene thupi limadziukira lokha. Anali mayi wachikulire, wa magalasi otsikira pamphuno, wosafulumira pa chilichonse.

"Maso akhala ouma tsiku ndi tsiku kwa miyezi yoposa itatu?"

"Chaka chikukwana."

"Mumamva ngati muli mchenga?"

"Ee."

"Chakudya chouma mumameza popanda madzi?"

"Sichitsika."

Anafunsa za mankhwala onse amene ndimamwa, poti ena amaumitsa m'kamwa. Anafunsa ngati ndinalandirapo chithandizo cha khansa chowotcha kumutu kapena kukhosi. Anati ayezanso matenda a chiwindi ndi kachilombo, chifukwa nazonso zimatha kubweretsa zizindikiro zomwezi.

"Mowa mumamwa?"

Magazi anandithamangira kumutu.

"Nanunso, adokotala?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndimafunsa aliyense, mayi. Mwati ayi, ndalemba ayi."

Sindingakuuzeni mmene mawu amenewo anandikhudzira. Kwa nthawi yaitali palibe amene anali atalandira ayi wanga.

Anatenga timapepala tiwiri topyapyala n'kutikoleka m'zikope zam'munsi, ine n'kutsinzina mphindi zisanu. Anati kwa munthu wabwinobwino kapepalako kamanyowa mpaka kutsika. Tanga tinangonyowa kunsonga. Kenako anandipatsa kakapu kuti ndizilavuliramo kwa mphindi khumi ndi zisanu, osatafuna kanthu. Ndinakhala pabenchi, mayi wamkulu ndithu, ndikukama m'kamwa mouma, ndipo chimene chinatuluka ndi kathovu kosaphimba n'komwe pansi pa kapuyo. Pomaliza dokotala wa maso anandidonthezera utoto n'kundiunika ndi nyali ya buluu. Anati pagalasi la diso pali timabala tambirimbiri tobwera ndi kuuma.

"Ndiye ndikudwala," ndinatero. "Lembani, adokotala. Ndikaonetse kwathu."

"Sindingalembe panopa. Matenda amene ndikuwaganizira timawatsimikiza ndi mapointi. Kapepala kaja ndi imodzi. Malovu imodzi. Utoto imodzi. Muli ndi atatu, koma pamafunika anayi. Otsalawo amachokera m'magazi kapena m'kanyama ka mlomo, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chimalemera mapointi atatu."

"Imodzi yokha basi? Adokotala, anandilanda mwana. Ingolembani."

"Maso ouma ndi m'kamwa mouma zimabwera ndi zinthu zambiri. Ndikalemba chimene sindinatsimikize ndingakupatseni dzina lolakwika."

Ndinatuluka nditakwiya. Kwathu anandiweruza masana amodzi, awa akufuna masabata chifukwa cha pointi imodzi.

5

Lamlungu ndinkapita kukaona Kabatani. Tinkakhala pabalaza pa a Inspekita, iwo ali pampando wapakona akusoka kapena kupinda zovala, makutu ali kwa ife. Mwanayo anasiya kundithamangira. Ankabwera pang'onopang'ono, n'kumandiyang'ana m'maso.

"Kusukulu kukuyenda bwanji, mwanangu?"

"Bwino. Sindikweranso basi ya adadi. Azakhali amandiperekeza okha."

Ndinangoti ndi ukhondo wa a Inspekita, mwina aona fumbi pamipando ya basi. Maganizo anga onse anali pa magazi.

Zotsatira za magazi zitabwera, adokotala anavula magalasi.

"Chiwindi chili bwino, kachilombo mulibe. Koma chizindikiro chimene timafuna m'magazi sichinapezeke."



"Ndiye kuti sindikudwala?"

"Ayi, sindinatero. Alipo odwala ambiri amene magazi awo saonetsa. Kwatsala mlomo."

Ndinachita mantha, osati ndi mpeni ayi, koma kuti mlomo nawonso ukakana ndidzatsala ndi dzina limodzi lokha, lija anandipatsa pabalaza.

Anabaya jakisoni wochititsa dzanzi mkati mwa mlomo wam'munsi, kucheka pang'ono, n'kuchotsamo tinyama tating'ono ngati njere. Anati ndi tiziwalo topanga malovu, akatiunika pa makina. Anasoka n'kundiuza kuti ndidikire. Kuntchito ndinafika mlomo uli ndi chotupa, ndipo ndinamva mnzanga wina akunong'oneza kuti mwina ndinagwa kumowa.

Masiku amenewo bambo a Kabatani anaimba foni.

"Ndikonza zonse. Mungondipatsa nthawi."

"Nthawi munali nayo pabalaza paja," ndinatero, n'kudula.

Ine ndinkadziwa chimene ankatanthauza. Inu owerenga sindinakuuzenibe.

6

"Zapezeka," anatero adokotala. "Mapointi asanu ndi imodzi."

Anati matendawa amatchedwa Sjögren. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, amasokonezeka n'kuyamba kuwononga tiziwalo topanga misozi ndi malovu. Kutupa kwa masaya ndi kutopa kuja n'komweko. Satheratu, koma amasamalika ndi madontho a m'maso, mankhwala, ndi kuonana ndi wa mano pafupipafupi. Anthu amamva chisoni akauzidwa kuti ali ndi matenda osachiritsika. Ine ndinagwira dzanja la adokotala n'kunena kuti zikomo.

Sindinadikire Lamlungu. Ndinakwera basi kulunjika kwa a Inspekita. Ndinawapeza akupinda zovala pabalaza, Kabatani akusewera kuseri kwa nyumba. Ndinawafotokozera zonse, za kapepala, za kapu, za mlomo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani ndi matendawo, alamu. Koma matenda saika mabotolo m'thanki."

Apa ndi pamene ndiyenera kukuuzani chimene ndinabisa. Mwini wa mabotolo aja ndinkamudziwa kuyambira kale. Chaka chimodzi m'mbuyomo ndinawapezerera bambo a Kabatani kuchimbudzi m'mamawa, chivundikiro chili pansi, kabotolo kali kukamwa, makiyi a basi ali m'dzanja linalo. Anagwada. Anati mwini sukulu akamva ntchito yatha, ndipo palibe amene adzawalembenso. Analumbira kuti asiya. Ine ndinalonjeza kuti sindiuza munthu. Ndinkawakonda, ndinkaopanso manyazi. Sanasiye, anangophunzira kutafuna chingamu. Ndipo m'mawa uliwonse ine ndemwe ndinkakweza mwana wanga m'basi ija, pamodzi ndi ana a eni, n'kumabayibitsa.

Pabalaza paja ndinakhala chete podikira kuti anene okha. Ndinkaganiza kuti mwamuna sangaone mkazi wake akulandidwa mwana chifukwa cha mowa wake n'kungokhala. Anakhala.

Tsopano panalibenso chodikira.

"Mabotolo aja ndi a mlongo wanu."

Ndinayembekezera kuti alumpha, anditukwana, andithamangitsa. Iwo anapitiriza kupinda thaulo, kona ndi kona. M'pamene mawu a mwana aja anandibwerera.

"Alamu, Kabatani munamuchotseranji m'basi ya bambo ake?"

Anaika thaulo pamiyendo. Nkhope yawo inaoneka yokalamba.

"Bambo athu ankabisa m'thanki momwemo. Mlongo wangayo anali wamng'ono, koma ankaona."

"Ndiye munadziwa."

"Nditangochotsa chivundikiro."

Ndinakhala pansi osauzidwa.

"Munadziwa, n'kundiimika pamaso pa amalume? N'kunditcha chidakwa?"

"Mwana ankayenera kuchoka m'nyumba muja, ndipo ndinamuchotsa. Uja ndinamulera ndine, alamu. Ndinasiya sukulu chifukwa cha iye. Ndikanamutchula, ntchito ikanatha, dzina likanatha, akanatsatira bambo athu kumanda. Inu ndinu olimba, ndinati mupirira mpaka ndimukonze." Anameza malovu. "Komanso maso anu anali ofiira kale. Panalibe amene akanafunsa."

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma a Inspekita anapeza njira, anaswa mphika wa pambali umene unalibe mlandu.

Ndinaimirira.

"Nanga ana ena aja amene akukwerabe basi imene ija? Iwo alibe azakhali?"

Nanenso funsolo linandilasa, chifukwa chaka chonse ndinalithawa.

Ndinalowa kuchipinda, kulongedza zovala za mwana wanga, kumuitana, n'kutuluka naye. A Inspekita sanadzuke pampando. M'mawa mwake, basi isananyamuke, ndinali mu ofesi ya mwini sukulu.

7

Bambo a Kabatani anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Abale awo amati ndine mkazi woipa mtima amene anagwetsa mwamuna wake. Amalume anatuma uthenga wopepesa, a Inspekita sanapepese mpaka lero. Ndamva kuti bambowo ayamba kupita kokalandira thandizo. Ndimawafunira zabwino, koma sindinabwerere.

Ndikuchita lendi kachipinda pafupi ndi kuntchito. M'chikwama mwanga simusowa madontho a m'maso ndi botolo la madzi. Bwana ndinamufotokozera, anachita manyazi, anandichotsa pafupi ndi fani ya muofesi imene inkandiumitsa maso.

Owerenga anzanga, sindikudziyeretsa. Mwamuna wanga anandipereka, alamu anga anandigulitsa, koma chinsinsi chimene anandimangira nacho ndinachisunga ndekha ndi manja awiri, n'kumachitcha chikondi. Mukamabisira munthu choipa chimene chingaphe ena, dziwani kuti tsiku lina chidzafuna wochisenza, ndipo adzasankha amene ali chete. Ndipo mukaona mnzanu maso ali psuu, mawu akulemera, musathamangire kumupatsa dzina. Adokotala aja anali ndi zizindikiro zitatu m'manja, ine ndikuwachonderera, koma anakana kulemba mpaka atatsimikiza. Dzina loipa limalowa msanga, ndipo limafika ngakhale kumene simunalitume.

Mwana wanga ndili naye. Ndamufotokozera kangapo konse kuti amayi ake akudwala, kuti sanamwepo mowa, kuti akuluakulu analakwitsa. Amagwedeza mutu n'kunena kuti wamva. Amandithandiza ngakhale kudontheza mankhwala m'maso.

Koma dzulo m'mawa, ndikuvala nsapato kuti ndimuperekeze kusukulu, ndinamuona pagalasi. Anatsegula chikwama changa mwakachetechete, anatulutsa botolo langa la madzi, analitsegula, n'kulinunkhiza. Kenako anatseka bwinobwino, kulibwezera, n'kubwera kudzandigwira dzanja.

"Tiyeni, amayi. Lero muli bwino."